Ku Portugal ndaona miyala ikudyetsa anthu

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanuyi, kalatayi italikirapo koma pirirani nane, munthu ukachoka ku ulendo pakamwa sipatseka msanga. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala ku Ulongwe kuno ku Angónia, ndipo mu June ine ndi mayi akunyumba tinakwera ndege koyamba m'moyo mwathu kupita ku Portugal kukaona mwana wathu wamkazi yemwe amagwira ntchito yosamalira nkhalamba kumeneko. Za mundege sindinena, ndinangotsinzina mpakana kutera. Chandilembetsa ndi masiku 5 amene mkamwini wathu anapempha tchuthi n'kubwereka galimoto kuti atizungulitse kumidzi ndi m'matauni akalekale, akuti apongozi asabwerere kwawo atangoona nyumba zosanja zokhazokha.

Tinanyamuka ku Lisboa m'mamawa, ine anandikhazika kutsogolo mwaulemu wake, koma ola loyamba lonse ndinangogwira lamba mtima uli m'mwamba chifukwa kumeneko amayenda kumanja pamene ife kuno timayenda kumanzere, nde galimoto iliyonse yobwera ine ndimaona ngati ikulunjika ifeyo. Tinaolokera pa mlatho wa Vasco da Gama, anautsegula 1998 ndipo ndi wautali makilomita opitirira 12, mlatho wathu wa Samora Machel ku Tete uja olo mutaulumikiza ka 10 sungafike tsidya. Dzina la Vasco da Gama limeneli ndaphunzitsa ana zaka zambirimbiri, kuti anafika pa Ilha de Moçambique mu 1498, sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzayenda pamsana pake.

Titaoloka n'kuyendako ndithu, dziko linasintha. Dera limenelo amalitcha Alentejo, ndi chigwa chotambalala chaudzu wouma wofiirira, minda ya tirigu, mipesa, mitengo ya azitona ija timangoiwerenga m'Baibulo, ndi adokowe atamanga zisa zikuluzikulu pamwamba pa mapolo a magetsi. Koma chimene chinandiimitsa ndi mitengo ina yake yooneka ngati yavulidwa malaya, thunthu lofiira kuyambira pansi mpakana m'mphanda, ndipo pa thunthu lililonse alembapo nambala ndi penti woyera. Ndinati bambo taimani kaye ndione, zimenezi ndi mankhwala kapena chani. Mkamwini anaseka n'kuimika galimoto m'mbali, nati ababa umenewu ndi sobreiro, khungwa lake ndi limene amapangira zotsekera mabotolo a vinyo zija. Ndinakaugwira ndi manja anga, pomwe sanasende khungwa lake ndi lokhuthala ngati chikhatho koma lopepuka ngati chitsononkho. Mtengo umenewu amaudikira zaka pafupifupi 25 asanausende koyamba, akatero amausiya zaka 9 kuti khungwa limerenso, nde nambala ija ndi yothera ya chaka chimene anausenda, wolembedwa 3 ndiye kuti anausenda 2023 ndipo nkhwangwa idzaukhudzanso 2032. Kuudula popanda chilolezo ndi mlandu. Dziko laling'ono lomwelo limatulutsa pafupifupi theka la khungwa lotere padziko lonse. Ine ndinaima pamenepo kuganiza za matumba a makala aja ali ndandanda m'mbali mwa msewu kuchokera ku Zóbuè kutsikira ku Moatize, mtengo wa zaka 60 kuthera m'thumba limodzi. Sindikunyoza ootcha makala ayi, njala ilibe manyazi, ndipo ine ndemwe kwanga timaphikira makala omwewo. Koma masau ndi malambe a ku Changara amabereka chaka ndi chaka osafuna feteleza, bwenzi titawalemba manambala ifenso.

Masana tinafika ku Évora, kukutentha ngati ku Tete mu October, mayi akunyumba anati tathawa chisanu cha ku Angónia kudzapsa kwa azungu. Tauni yonse ili m'kati mwa linga lamiyala, nyumba zopaka laimu woyera ndi mzere wachikasu m'munsi, tinjira tamiyala tokhotakhota. Pamwamba pa kachitunda pali kachisi wa Aroma wa zaka pafupifupi 2000, kwatsala mizati 14 basi, denga palibe, koma anthu ali piringupiringu kujambula, ena ochokera ku China, ena kaya kuti. Ndinawerenga chikwangwani chake mpakana kumapeto monga mphunzitsi, ndipo ndinaseka ndekha nditamva kuti kwa zaka mazana angapo malo amenewa anali butchala, ankagulitsiramo nyama mpakana 1836, ndipo chimene chinapulumutsa mizatiyo ndi choti anaimangirira m'makoma a butchalayo. Ndiye kuti nawonso azunguwo panali nthawi imene sankalabadira, anachita kudzidzimuka mochedwa. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika tauniyi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1986, lero wogulitsa khofi, wa malo ogona, woyendetsa takisi, mayi wogulitsa tizikwama ta khungwa lija, onse akudya miyala imeneyi.

Pali malo amodzi amene tinakangana. Pambali pa tchalitchi cha São Francisco pali kachipinda kopemphereramo kamene makoma ndi mizati yake anamata ndi mafupa a anthu, zigaza zili mbwee kukuyang'ana, akuti ndi za anthu pafupifupi 5,000 amene ansembe anawafukula m'manda a m'taunimo. Pakhomo analembapo mawu oti ife mafupa tili munofe tikudikira anuwo. Mayi akunyumba atangomva anakhala pansi pabenchi panja, nati abambo, ine kumanda ndimapita pakagwa zovuta, osati kuchita kulipira tikiti, lowani nokha ndipo mukatuluka musandikhudze musanasambe m'manja. Ine ndinalowa, sindinama, tsitsi linaima. Kwathu kuno manda ndi a adzukulu ndi mfumu, sungangolowamo chisawawa, kuli bwanji kunyamula chigaza cha agogo a munthu n'kukongoletsera khoma. Zimenezo zokha asunge okha, sindikupempha kuti titengere.

Zakudya ndingodutsapo. Bakayawo yemweyu timamudziwa kuno, iwo amamuphika njira zosawerengeka. Anatipatsanso msuzi wa buledi wonyika m'madzi otentha ndi adyo ndi dzira pamwamba, amati açorda, ine ndinadya mwaulemu koma m'mimba munangoti zii ngati sindinadye. Madzulo pa kabala kena ndinaona abambo avala bwinobwino akutsopa nkhono, mbale yodzadza, akutokosa ndi kamtengo, nde ndinati anthu awa ndi omwe ankatiseka ife ndi mbewa? Mwamwayi mayi akunyumba ananyamula kaufa m'chikwama, usiku m'nyumba imene tinachita lendi anatakasa kansima ndi mphanda poti mthiko kunalibe, tinagona ngati anthu.

Tsiku lachiwiri ndi limene landisowetsa tulo mpakana lero. Tinakwera ku Monsaraz, kamudzi ka pamwamba pa phiri kozunguliridwa ndi linga, ukaima pakhoma umaona nyanja yaikulu pansi. Si nyanja yachilengedwe, ndi damu la Alqueva pa mtsinje wa Guadiana, anatseka zitseko zake mu 2002. Mkamwini amanena monyadira kuti ndi limodzi mwa madamu akuluakulu ku Ulaya, ine ndinangoti mwana iwe wakulira ku Moatize waiwala kwanu, madzi awa ndi pafupifupi masikweya kilomita 250 pamene damu lathu la Cahora Bassa ndi cha m'ma 2,700, ili ndi thamanda chabe. Koma kunyada kwanga kunathera pa mudzi wina wotchedwa Luz. Mudzi wakale wa Luz unamira m'damumo, nde asanatseke madzi anawamangira anthu mudzi wina chapamtunda, kuyesetsa kuti amene anali oyandikana nyumba akhalenso oyandikana, tchalitchi anamanga chofanana ndi chakale, ndi manda omwe anasamutsa kuti akufa asatsale pansi pa madzi. Kenako anamanga nyumba yosungiramo mbiri ya mudziwo, muli makasu, miphika, zithunzi, ndi mawu a nkhalamba zikufotokoza mmene ankakhalira. Agogo ena aakazi ovala zakuda amene tinawapeza atakhala pakhomo anandiuza kuti nyumba yatsopano ndi yabwino koma mtima wawo unatsala pansi pa madzi, kotero musaganize kuti kunalibe misozi. Koma dzina la mudzi wawo silinamire.

Cahora Bassa anayamba kumanga 1969, madzi anayamba kudzadza kumapeto kwa 1974, Apwitikizi omwewa ndi amene ankalamula, ndipo anthu a m'mbali mwa Zambezi anawasamutsa mokakamiza nkhondo ili m'kati, ambiri kukawaunjika m'midzi ya mpanda ija ankati aldeamento. Mu 2007 tinavina kuti damu tsopano ndi lathu. Ine ku Songo, kumene kuli khoma la damulo, ndafikako kawiri ndi ana asukulu, tinaona khoma, tinamva za magetsi opita ku South Africa, koma pobwerera palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene akanatchula dzina la mudzi umodzi womwe unamira, ndi ine mphunzitsi wawo yemwe sindinawaphunzitse. Anthu amene anasamutsidwa ali anyamata ndi atsikana lero ali ndi zaka za m'ma 70, tikudikira chani kuti tiwafunse?

Ku Elvas ndiko tinachita ngozi yathu yaing'ono. Foni ija imauza njira inatilowetsa m'kanjira kena kopapatiza m'kati mwa tauni, kutsogolo kukucheperachepera, kumbuyo kwabwera kale galimoto ina, mkamwini thukuta kamukamu, mpakana kalilole wa m'mbali anakhula khoma, khwee. Agogo ena anasuzumira pawindo n'kuyamba kutilondolera ndi manja ngati wapolisi wa pamsewu, zikuoneka kuti ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Pobweza galimoto anatidula ndalama imene sindiitchula kuopa kuti abale kumudzi angamve. Njirazo anamangira abulu ndi ngolo, ndipo sanalole kugwetsa nyumba kuti galimoto zidutse, wofuna kuona atsike ayende. Tauniyo ili ndi malinga ooneka ngati nyenyezi chifukwa inali yolondera malire ndi Spain, komanso ngalande yamiyala yaitali yosanjikizana m'mwamba imene inkabweretsa madzi m'tauni, anaimaliza 1622 ndipo idakaimabe. Mijigo ingati ya kwathu kuno imene yakwanitsa zaka 10?

Kuchoka apo ndinatulutsa mapasipoti athu m'thumba n'kuwagwira m'manja, poti anati tikulowa Spain. Ndinadikira, ndinadikira, kenako mwana wanga ali kumbuyo akuti ababa bwezani m'thumba, tadutsa kale. Kunali kachikwangwani kabuluu basi ndi kamtsinje kakang'ono, palibe geti, palibe chidindo, palibe wosintha ndalama wokuthamangira, chinangosintha ndi nthawi pa foni kupita patsogolo ola limodzi ndi chilankhulo pa zikwangwani. Anthu awa anamenyana nkhondo zaka mazanamazana, malinga aja ndi umboni, ndipo zilankhulo zawo ndi ziwiri. Ife a ku Angónia ndi a ku Dedza ndi Ntcheu chilankhulo ndi chimodzi, mafumu ndi pachibale, gule ndi mmodzi, pa Lizulu msewu ndi umene umagawa msika mbali iyi Malawi mbali iyo Mozambique, malire ake anagwirizana ndi Angelezi ndi Apwitikizi mu 1891 ife kulibe. Nthawi ya nkhondo ine ndinathawira tsidya lomwelo, achibale anatipatsa pogona ndi pakamunda mpakana mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992. Koma lero kuti ukapereke thumba la mbatatesi kwa mlongo wako uyambe wafotokoza ngati wakuba. Imeneyo ndi nkhani ya kalata ina, ndangoti ndilume pang'ono.

Ku Mérida tinagonako usiku umodzi. Tauni imeneyi anaikhazikitsa Aroma zaka 25 Yesu asanabadwe kuti mukhale asilikali opuma ntchito, nde ndinati kani opuma ntchito kale ankawamangira tauni, ife a penshoni ya lero tizingomva. Kuli mlatho wamiyala wa mamita pafupifupi 800 pa Guadiana yemweyo, galimoto zinkadutsapo mpakana 1991, pano ndi wa oyenda pansi, ndipo tinauyenda madzulo cha m'ma 9 koloko dzuwa lisanalowe, zinthu zosokoneza mutu. Bwalo la zisudzo la Aroma likugwirabe ntchito, nyengo yotentha amachitiramo masewero anthu n'kukhala pa miyala yomwe ija. Ndinapeza ana asukulu ang'onoang'ono atakhala pamenepo aphunzitsi awo akuwafotokozera, aliyense ndi kope m'manja, ndipo ndinachita nsanje.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi zokoma. Pobwerera tinadzera njira za kumidzi kuthawa misewu yolipira ija, ndipo midzi yambiri ndi ya nkhalamba zokhazokha. Umalowa m'mudzi waukhondo, maluwa pakhonde, msewu wa tala mpakana pakhomo, koma zii, osamva mwana kulira olo tambala, madoda atatu akhala pabenchi ndi ndodo zawo, sukulu yotsekedwa, nyumba zambiri zolembedwa kuti zikugulitsidwa. Achinyamata anapita ku Lisboa, ku France, ku Switzerland. M'minda ikuluikulu ya azitona ndi zipatso ogwira ntchito ambiri ndi ochokera ku Nepal, ku India ndi kuno ku Africa, ndipo amene akusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba zawo ndi ana athu, wanga yemwe ali momwemo. Mayi akunyumba anati bola kwathu fumbi koma pakhomo pali phokoso la adzukulu, ndipo apo sindinawatsutse. Iwo ali ndi mbiri yolembedwa pakhoma lililonse koma ana oti aimve akuchepa, ife ana ali yakaliyakali bwalo lonse koma sitikuwauza kanthu.

Nditafika kuno ndinayamba kuwerenga pa zala zimene tili nazo m'chigawo chathu chino. Tauni ya Tete ndi yakale kwabasi, Apwitikizi anakhazikikapo cha m'ma 1530 ndipo anapeza malonda a golide ndi minyanga akuchitika kale. Linga la São Tiago Maior lili pompo m'mbali mwa Zambezi, anthu amalidutsa tsiku ndi tsiku popita kumsika. David Livingstone anafika pa Tete mu 1856 pa ulendo wake wodutsa Africa. Tchalitchi cha ku Boroma chili pachitunda kuyang'ana mtsinje, cha ansembe a Chijezwiti a kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mutachinyamula n'kukachiika ku Alentejo bwenzi mabasi a alendo ali pamzere. Kuno kwathu kuli mishoni ya Lifidzi, kuli phiri la Dómuè. Kumtunda kuli Zumbo, msika wakalekale pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Likulu la Undi, mmodzi mwa mafumu akuluakulu a Amaravi, linali ku Mano m'chigawo chomwe chino, Achewa a ku Zambia amadziwa kuti kwawo ndi kuno pamene ana athu sadziwa. Gule Wamkulu UNESCO inamuvomereza mu 2005 m'dzina la maiko atatu, Malawi, Zambia ndi ife. Ndipo kuli Wiriyamu, kumene asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazanamazana pa 16 December 1972, mpakana nduna yaikulu ya Portugal ya nthawi imeneyo, António Costa, anadzapepesa ku Maputo mu 2022. Funsani mwana wa sekondale pano kuti Wiriyamu ili mbali iti ya Tete, mumve yankho lake.

Ndikudziwa ena anena kuti mdala uyu wapita kwa atsamunda masiku ochepa wabwera atasanduka Mpwitikizi, akufuna tizisamala nyumba za anthu amene ankatimenya. Abale, bambo anga anagwira chibalo, m'manja mwawo munali zipsera za palamatoriya, kathabwa komenyera m'manja kaja, mpakana tsiku limene tinawaika m'manda, palibe angandiphunzitse za ukoma wa atsamunda. Koma njerwa za ku Boroma anaumba ndani, miyala ya linga lija anasenza pamutu ndani? Ndi agogo athu. Khoma likagwa umboni wa thukuta lawo wagwa nawo, ndipo mdzukulu adzayesa kuti chibalo ndi nthano ya kalulu. Ku Évora sanasunge kachisi uja chifukwa chokonda Aroma, Aromawo anali atsamunda awonso.

Pempho langa si la mamiliyoni. Chikwangwani chimodzi pa malo aliwonse otere, cholembedwa m'Chipwitikizi ndi m'chilankhulo cha eni dera, Chichewa kuno kumtunda, Chinyungwe kumunsi, kuti mayi wopita kuchigayo athe kuwerenga yekha osati mlendo yekha. Akuluakulu a boma ndi makampani amene akukumba malasha m'chigawo chino ndalama ya penti ndi chitsulo singawasowe. Aphunzitsi anzanga amene mudakali pantchito, kamodzi pachaka tulukani ndi ana, olo wapansi, mukakhale pansi pa mtengo ndi nyakwawa kapena agogo a m'mudzimo afotokoze kuti mudzi uno unachokera kuti, Angoni anafika bwanji, nkhondo itavuta tinathawira njira iti. Achinyamata mafoni muli nawo, tsiku lonse pa Facebook ndi WhatsApp, tajambulaniko mawu a agogo anu mphindi 20 zokha. Ndipo inu a Mkonzi, tipatseniko kadanga kamodzi pamwezi koti owerenga azitumiza mbiri ya midzi yawo m'Chichewa, muona makalata mmene adzadzire.

Ine ndayambapo kale. Mwana wanga anandigulira foni yojambula mawu bwino, ndipo Loweruka lapitali ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita cha ku Dómuè kwa malume anga amene atsala okha pa mbumba yawo, maso anafa koma mutu uli gwa. Tinakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpakana batire kutha, anditchulira mayina a midzi 6 imene kulibenso ndi mafumu ake, ndipo pamene ndimatsanzika anandigwira dzanja nati mphwanga ubwerenso msanga usadikire mvula, za Chibalo cha ku msewu wa Furancungo sindinayambe n'komwe. Ndapangana naye kale wa njinga uja kuti Loweruka likubwerali andipeze 6 koloko.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Ulongwe, Angónia